Fuji si phiri lokhalo ku Japan achimwene

Achimwene mwafunsa ngati ku Japan kuli mapiri ena kupatula Fuji timamuona pa zithunzi uja, komanso kuti mapu ake anajambula ndani. Eee mapiri nde aliko osayamba, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dziko lija ndi mapiri okhaokha, nchifukwa chake anthu anathithikana m'zigwa za m'mbali mwa nyanja ngati ku Tokyo ndi Osaka. Fuji ndi wamtali kuposa onse, mamita 3,776, koma anaima payekha, ndi phiri lamoto lomwe linaphulika komaliza mu 1707. Mapiri ondondozana ali pakati pa chilumba cha Honshu, mizere itatu, Hida, Kiso ndi Akaishi, ndipo wachiwiri kutalika, Kita-dake wa mamita 3,193, ali ku Akaishi konko. Sapitwa wathu wa pa Mulanje ndi 3,002 ndiye sitikuchepa kwenikweni ayi.

Koma za mapuzo nde zimandithetsa nzeru, mdala wina Ino Tadataka anayamba kuyeza dzikolo mu 1800 ali ndi zaka 55, wapansi abale, kumawerenga mapazi ake potsata gombe kenako nkumakoka matcheni achitsulo, zaka 17 zathunthu. Anamwalira mu 1818 mapu asanathe, anyamata ake ndi amene anadzamalizitsa mu 1821.