Mahomoni kapena michere ya m'thupi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Kasungu ndipo ndadutsa zaka 50. Pa wailesi ndinamva namwino akunena kuti amayi a msinkhu wanga amavutika chifukwa "mahomoni" achepa, koma kapepala kamene ndinalandira kuchipatala kakuti "michere ya m'thupi". Chichewa cholondola ndi chiti? Komanso, kodi palibe mawu ena m'malo mwa "kusiya kusamba"? Mdzukulu wanga anaseka atawamva, n'kundifunsa ngati sopo wandithera.

Yankho: Mayi, mdzukulu wanuyo mumukhululukire, koma mawuwo musawasiye. Agogo anga, amene anali namkungwi kumudzi kwathu, ankatiuza kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo kufikira masiku ake atatha ndipo atasamba thupi lonse. Ine sindikayika kuti "kusamba" ndi "msambo" zinachokera pa kusamba kotsirizaku: makolo athu, posafuna kutchula magazi pagulu, anatchula madzi amene amabwera pambuyo pake. Choncho "kusiya kusamba" ndi mawu aulemu kale, ndipo safunika kuwafunira ena. Madokotala amati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo, ndipo kwa amayi ambiri izi zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55.

Tsono pa za michere, apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Amene anayamba kulemba "michere ya m'thupi" anali ndi cholinga chabwino chopewa mawu achilendo, koma anasankha liwu limene lili ndi ntchito zambiri kale. Mchere ndi wa m'ndiwo, mchere uli m'nkhani za mdulo, mchere ndi umene amayi odwala matenda othamanga magazi amauzidwa kuti achepetse. Mayi wa zaka 55 akamva lero kuti achepetse mchere, mawa n'kuwerenga kuti michere yake yachepa, kodi tingamudzudzule akasokonezeka? Estrogen ndi progesterone, zimene ndi mahomoni a amayi ndipo zimapangidwa m'timatumba tosunga mazira a mayi, si mchere ayi. Zimayenda m'magazi kukauza chiberekero, mawere ndi mafupa zochita, ndipo estrogen ikachepa mafupa amayamba kufooka moti amathyoka msanga.

Liwu lakuti homoni nawonso Angerezi anachita kubwereka. Katswiri wina wa ku London, Ernest Starling, ndiye anayamba kuligwiritsa ntchito pagulu mu 1905, ndipo linatengedwa ku Chigiriki, ku liwu lotanthauza kudzutsa kapena kusonkhezera. Ngati eni sayansiwo anakapempha moto kwa anansi, ife tichitirenji manyazi? Tinalandira sukulu, sopo ndi jakisoni popanda kudwala nazo mutu. Chimene chimandinyansa ndi ulesi wa aulutsi ena amene amati "ma hormones", kuchulukitsa liwu limodzi kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuwonjezera kuti "zachepa". Mlendo akalowa m'mudzi amatsata mwambo wa pamudzipo: homoni imodzi, mahomoni ambiri, mahomoni achepa, mahomoni ake.

Wina anganene kuti ndikukokera nkhani yaing'ono, koma taonani zimene zinachitika ku America. Mu 2002 ofufuza a Women's Health Initiative anaimitsa nthawi isanakwane kafukufuku wa amayi oposa 16,000 a zaka za pakati pa 50 ndi 79, ataona kuti mwa amene ankamwa mankhwala a estrogen pamodzi ndi progestin (mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone), khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha zinali zochulukirapo, ngakhale kuti kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno kunachepa. Patapita zaka, atazukutanso zotsatirazo, akatswiri anaona kuti msinkhu uli ndi gawo lalikulu, ndipo mayi amene wayamba mankhwalawa asanafike zaka 60 sakhala pa chiopsezo chofanana ndi cha mayi wokalamba kwambiri. Mankhwala ofuna kuwayeza mosamala chonchi sayenera kutchedwa dzina limene limakumbutsa munthu madzi a mchere ndi shuga amene timapatsa mwana wotsekula m'mimba.

Pali mawu enanso amene simunafunse koma ndi a pa nkhani yomweyi. Timapepala tambiri timati mayi wosiya kusamba "amatentha thupi". Kwathu kuno kutentha thupi ndi malungo, ndipo ndikudziwa amayi amene anayezetsa magazi kangapo popanda kupezeka ndi kanthu. Ndi bwino kufotokoza momwe zimamvekera: kutentha kobwera mwadzidzidzi pachifuwa ndi kumaso, kotha pa mphindi zochepa, nthawi zina ndi thukuta lonyowetsa zofunda usiku. Chodabwitsa n'chakuti pamwambo wathu mayi wotereyu ndiye amatchedwa "wozizira".

Liwu lakuti kusamba lili ndi malire ake. Mayi akatha chaka chathunthu osaona msambo kenako n'kuona magazi, asanene kuti "ndayambiranso kusamba", chifukwa msambo ukatha subwereranso. Anene kuti "ndikutaya magazi", ndipo akanene zimenezi kuchipatala msanga, pakuti nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya chiberekero kapena ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi muno.