Funsani Azakhali: saladi ikundisiya ndi njala, menyu nayo ikundizunguza mutu

FUNSO: Azakhali moni. Ine ndi mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito ya muofesi ndipo lanchi timakonda kukadya kulesitilanti ndi anzanga. Chiyambireni kufuna kuchepetsako thupi ndimangoitanitsa saladi basi, koma eeh ikamati 3 koloko m'mimba mumakhala mukulira, mapeto ake ndimamaliza paketi yonse ya mabisiketi. Ndikulakwitsa pati? Kapena thupi langali ndi saladi sizigwirizana?

YANKHO: Mayi, thupi lanu lilibe vuto ayi, vuto lili m'mbalemo. Letesi, nkhaka ndi tomato ndi madzi okhaokha pafupifupi, letesiyo magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi ndipo mu magalamu 100 puloteni yake ndi galamu imodzi ndi kapang'ono chabe, ndiye mbale imabwera itadzaza mpaka kusefukira koma m'mimba simunalowe chogwira. Chimene chimakhalitsa m'mimba ndi zomanga thupi, mapuloteni aja, chifukwa amagayika pang'onopang'ono komanso amachititsa matumbo kutulutsa mahomoni ouza ubongo kuti basi takhuta.

Munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 a puloteni pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye ngati mukulemera makilo 70 ndi magalamu 56 amenewo, ndipo ndi poyambira chabe. Pa lanchi yokha muziyesetsa kupeza 20 mpaka 30. Sizovuta. Chidali cha nkhuku chowotcha chokula ngati chikhatho chanu, magalamu 100, chikupatsani pafupifupi 30, nkhani yatha. Tuna wa m'chitini magalamu 100 amaposa 20. Dzira limodzi lili ndi 6, ndiye kadzira kamodzi kodula pakati kamene amakongoletsera mbale kaja sikokwana, nenani kuti akuikireni awiri kenako muwonjezere nyemba kapena tchizi pang'ono.

Koma pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe, sosi wothira pamwamba uja. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ya mayonezi ikuyandikira 100, ndipo kukhitchini sathira supuni imodzi ayi, amakhuthula. Tengani Caesar salad, ija anayambitsa Caesar Cardini ku Tijuana, Mexico, mu 1924: ndi yokoma zedi, koma muli mafuta, dzira, tchizi cha Parmesan ndi timabuledi tokazinga, nkhuku ikakhalanso yokazinga ndiye mwina mwadya zofanana ndi mnzanu wa baga uja. Ine imene imandisangalatsa ndi Niçoise, ya ku Nice ku France, chifukwa mazira ndi nsomba zimabweramo kale simuchita kupempha. Sosi muziti akupatseni m'kambale kapadera muzithira nokha. Osasiyiratu mafuta, chonde, mavitamini A, E ndi K a m'masambamo thupi limawatenga bwino pakakhala kamafuta. Ndipo kachidutswa ka buledi kapena mbatata yophika pambali si tchimo, kuli bwino zimenezo kusiyana ndi paketi ya mabisiketi ya 3 koloko ija.

FUNSO: Azakhali, ine menyu ikangofika m'manja mutu umaima. Mayina ake achilendo, masamba ambirimbiri, weta wangoima pambali ndi kabuku kake, ndiye ndimangoloza chilichonse kapena kunena kuti zomwe waitanitsa mnzangayu inenso zomwezo. Adokotala anandiuza kuti BP yakwera ndisamale kadyedwe. Ndizitani? Ndine bambo wa zaka 41.

YANKHO: Bambo, choyamba manyazi awo muwasiye pakhomo. Weta kufotokoza chakudya ndi ntchito yake, ndipo kunena kuti achimwene tandipatseniko mphindi zisanu, kapena achemwali kodi ichi amachiphika bwanji, palibe angakusekeni. Zimandipweteka ndikaona munthu walipira ndalama zake nkudya zinthu zimene sanazifune kamba koopa kufunsa.

Menyu musaiwerenge ngati buku kuchokera pamwamba mpaka pansi, mutopa. Musanaitsegule ganizani kaye kuti lero ndi nsomba, nkhuku, nyama kapena nyemba, kenako pitani pomwepo nkuona kaphikidwe kake, chifukwa chinsinsi chonse chagona pa timawu tating'ono tija. Mukaona crispy, battered kapena breaded dziwani kuti chakutidwa ndi ufa kapena zinyenyeswa za buledi ndipo nthawi zambiri chamizidwa m'mafuta. Creamy ndiye kuti muli kirimu, batala kapena mayonezi. Grilled ndi chowotcha, steamed chophika ndi nthunzi, poached chophika m'madzi owira pang'onopang'ono, amenewa ndiye anzanu. Zapambali nazo zimasinthika, malo ambiri savuta kuchotsa tchipisi nkuika masamba mukapempha.

Tsono kwa inu a BP mdani wamkulu ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi osadzaza, ndipo mbale imodzi ya kulesitilanti ikhoza kudya gawo lalikulu la mlingo umenewu musanagwire nkomwe kabotolo ka patebulo. Umabisala mu supu, soseji, bekoni, hamu, tchizi cha feta, ma olive ndi soy sauce, ndiye mukamawonjezera puloteni pa saladi yanu musathamangire hamu ndi bekoni, tengani nkhuku yowotcha, nsomba kapena mazira owiritsa, finyirani ndimu ndi tsabola kuti zikome. Ngati adokotala anatchulaponso za impso, muwafunse kaye kuchuluka kwa puloteni koyenera inuyo, pamenepo mlingo umasintha. Mankhwala anu osasiya.

FUNSO: Ine sindidya nyama kapena nsomba komanso ndine woyembekezera miyezi 5. Saladi ndiziikamo chiyani kuti ndizikhuta Azakhali?

YANKHO: Mwana wanga, zilipo zambiri. Kapu ya mphodza (lentils) zophika ili ndi magalamu pafupifupi 18 a puloteni, ya nyemba kapena tchana pafupifupi 15, kadzanja ka mtedza 7, ndiye ukaphatikiza ziwiri nkuika dzira wafikapo. Peyala ndi labwino koma ndi la mafuta, puloteni yake ndi yochepa, usaliwerengere. Finyira ndimu kapena ika tomato wambiri chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, amene ukumufuna kwambiri panopa.

Popeza uli ndi pakati, mazira akhale owiritsa mpaka kulimba, ndipo uzifunsa ngati sosi wa Caesar kapena mayonezi opanga okha muli dzira laliwisi, akati eya usiye. Tchizi chofewa ngati brie, camembert ndi cha mizere yabuluu chija uchipewe pokhapokha chitaphikidwa mpaka kutentha kwambiri, chimatha kusunga kachilombo ka Listeria koopsa kwa mwana. Saladi yokhalitsa pa bafe, paja amayala zakudya kuti aliyense adzitengere yekha, usatenge, uitanitse yokonza pompo. Ukapita ku sikelo uwauze anamwino kuti sudya nyama kuti aone za vitamini B12 ndi ayironi.