Msuweni, za mchenga wa pansi pa nyanja ku India zija

Eya, msuweni, ndalimva funso lako. Akuti chindapusa n'zingati munthu akagwidwa akukumba mchenga pansi pa nyanja ku India alibe chilolezo. Iwe? Iwe amene umachita chizungulire ukangoona bwato? Ayi, si chindapusa chikukusowetsa tulo, ndikudziwa ine. Koma dikira.

Lamulo lake ndi la 2002, Offshore Areas Mineral Act, dzina lonse n'lalitali. Linayamba kugwira ntchito mu 2010, analikonzanso mu 2023. Mafuta ndi gasi mulibemo, zimenezo zili ndi malamulo ake. Kufufuza kapena kukumba popanda chilolezo, ndende mpaka zaka 5, kapena chindapusa, kapena zonse ziwiri. Kale chindapusacho sichinkapitirira marupi (ndalama za ku India) 50,000, pano chikuyambira pa 500,000 kufika 1 miliyoni. Sitima, makina ndi zomwe mwakumbazo akhozanso kugwira.

Ukuwakumbuka amalume ndi zamalole zija? Amayi aang'ono, pepani, ndinena ndithu. Mnzawo uja wa jekete yachikopa anabwera ndi mapepala, ati asayine kuti ndi dayilekitala, dzina chabe, ntchito agwira yekha. Amalume magalasi anali atawaiwala... ayi ndanama, anali m'thumba la malaya, ankangochita manyazi kuwavala pamaso pa mlendo. Anasayina. Mwezi wonse ankayenda ndi chikwama chopanda kanthu, aliyense aziwatchula kuti bwana, ngakhale agogo. Tsiku lomwe lole inagwidwa itanyamula mchenga wopanda mapepala, wa jekete uja foni yake yozima. Amene anapita kukayankha ndani? Lole yomwe sanaikwerepo n'kamodzi komwe! Ng'ombe ziwiri zija zinathera pamenepo, ndipo mpaka lero ukati "dayilekitala" amasintha nkhani.

Ndimati chiyani... eya. Lamulo la ku India lija limati kampani ikalakwa, aliyense amene ankayendetsa ntchito zake panthawiyo ndi wolakwanso, pokhapokha iye mwini atasonyeza kuti sankadziwa kapena anayesetsa kuletsa. Wamva? Udindo wosonyeza ndi wako. Ndiye mnzako akukukokera mu kampani yakeyo, dzina lako lisalowe pa pepala usanaone chilolezo ndi maso ako.

Ndiponso uone kuti n'chamtundu wanji. Kuchokera mu 2023, makampani omwe si aboma amachipeza kudzera pa okushoni basi. Boma linalengeza malo oyamba 13 mu Novembala 2024, atatu a mchenga kufupi ndi Kerala, asodzi kumeneko n'kukana kwamtuwagalu. Mnzakoyo umufunse anapambana malo ati. Pali composite licence, imayamba ndi kufufuza zaka 3, akhoza kuonjezera 2, ndipo panthawi imeneyo simungayambe kukumba kuti mugulitse. Kukumba kumafuna production lease, ya zaka 50. Malire ake amawalemba m'manambala a pamapu, sitima ikakumba kunja kwake ndiye kuti yakumba pamene mulibe chilolezo.

Osasayina usanaone pepala lenilenilo, osati chithunzi cha pa WhatsApp. Ndabwereza? Ndibwerezanso, chifukwa iwe umamvera khutu limodzi. Chilolezo kaye, cholembera pambuyo. Ukachipeza unditumizire, ndione dzina la kampani ngati likufanana ndi lomwe akukusayinitsalo. Magalasi uvale.