Geni ya ku Dar imayenda chonchi achemwali

Achemwali mwafunsa kuti geni ya ku Tanzania imayenda bwanji, komanso ngati munthu wopemphera angaipange osachita zachinyengo. Zimatheka ndithu, kungoti phindu limabwera pang'onopang'ono.

Kuchoka ku Zomba kuno ulendo wake ndi wautali, mudutse Mzuzu, Karonga mpaka pa boda ya Songwe, mukawoloka mlatho ndi ku Kasumulu, kenako Mbeya mpaka Dar es Salaam. Ambirife timapikula ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar es Salaam, zitenje, nsapato, zikwama. Posintha ndalama pa boda muziwerenga ma shilingi kawiri musanapereke makwacha anu.

Mayesero enieni ali pobwera. A MRA, bungwe lotolera misonkho, amafuna malisiti kuti awerengere msonkho, ndiye wogulitsa wina amakufunsani yekha kuti pa lisiti ndilembe zingati, kuti mtengo uoneke wotsika, ena azikunong'onezani kuti perekani ya fanta, ena akuti anyamata akuwolotsereni katundu pamtsinje usiku. Katundu wozembetsa akagwidwa amalandidwa, chindapusa pamwamba, mpamba wonse phwa. Koma ine chimene chimandiletsa kwambiri si kugwidwako ayi, ndi choti lisiti labodza ndi bodza basi ngakhale ofisala atalidinda, ndipo Aroma 13:7 akunena poyera kuti woyenera msonkho timpatse msonkho. Msonkhowo umawawa inde, makamaka ukaona mnzako wozembetsa akugulitsa motchipa benchi yoyandikana nawe mumsika wa Zomba, makasitomala onse ali kwa iye.

China chimene anthu sachitchula ndi ndalama za maoda. Mayi wa ku Chinamwali amakupatsani ndalama yake ya banki m'khonde kuti mumugulire zitenje, alibe pepala lililonse, akungodalira mawu anu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalandira kale ndalama za anthu anapeza kuti sizikukwananso, ndipo apa mpamene ena anagula chitenje chopepuka n'kumati ndi wakisi weniweni. Salimo 15 imati wokhala pamaso pa Yehova amasunga lonjezo lake ngakhale zikumupweteka. Ndiye zikatero muimbireni mwini ndalamayo muli ku Kariakoo komweko, mumuuze mtengo weniweni, asankhe yekha kuwonjezera kapena kuchepetsa katundu.

Ulendo woyamba musatenge maoda ambiri. Gulani kope, muzilemba dzina ndi ndalama ya aliyense iye akuona, ndipo msonkho ndi thiransipoti muziwerengeretu musanaike mtengo wogulitsira.