Ana akuloweza mafomula a coordinate geometry koma akulakwabe: yambirani pa triangle

Aphunzitsi ena a masamu pa CDSS ina m'boma la Mchinji atilembera imelo. Akuti ali ndi ana opitirira 70 m'kalasi imodzi, mabuku a magirafu ndi ochepa, makampasi ndiye osanena. Anawo amaloweza bwinobwino mafomula a distance, gradient ndi midpoint, koma akapatsidwa funso amawasakaniza, ndipo akafika pa equation ya circle zonse zimabalalika. Funso lawo ndi lakuti: ayambire pati, ndipo atsate njira yotani?

Aphunzitsi, vuto lagona poti ana anu akuona mafomula anayi kapena asanu osagwirizana, chikhalirecho onsewo akuchokera pa chinthu chimodzi. Pakati pa mapointi awiri alionse pamabisala triangle yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Mwana akazolowera kuijambula, fomula akaiiwala amaipanganso yekha. Choncho sabata yoyamba musalembe fomula iliyonse pa bolodi.

Tengani A(1, 2) ndi B(7, 10). Funsani kuti: kuchoka pa A, tiyenda masitepe angati cham'mbali, kenako angati chokwera, kuti tifike pa B? Yankho ndi 6 ndi 8. Jambulani triangle ija, lembani 6 pansi, 8 pambali. Manambala awiriwa ndiwo phunziro lonse. Kutalika kwa AB ndi Pythagoras yemwe anaphunzira kale: 36 kuphatikiza 64 ndi 100, square root yake 10. Gradient ndi kukwera kugawa ndi kuyenda cham'mbali, 8/6, yomwe ndi 4/3. Midpoint ndi theka la ulendo: kuchoka pa A yendani 3 m'mbali, 4 chokwera, mwafika pa (4, 6). Akachita zitsanzo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi motere, ndiye muike x₁, y₁, x₂, y₂ m'malo mwa manambala. Ambiri adzaitchula okha fomulayo musanamalize kulemba.

Musasinthe mapointi amenewa msanga. A ndi B omwewa atitengera mpaka pa tangent (mzere wokhudza circle pamalo amodzi okha), ndipo mwana amene akuwadziwa kale amaika maganizo pa chinthu chatsopano chokhacho.

Zolakwa zambiri pano zimabwera ndi minus. Apatseni P(−3, 4) ndi Q(2, −8). Ochuluka alemba 2 − 3 n'kupeza −1, chifukwa minus ya fomula ndi minus ya nambala aziona ngati imodzi. Amene wajambula salakwa: kuchoka pa −3 kufika pa 2 ndi masitepe 5, kuchoka pa 4 kutsika mpaka −8 ndi masitepe 12, kutalika 13, gradient −12/5. Lamulo likhale lakuti nambala ya minus ikalowa mu fomula izilowa ili m'mabulaketi ake. China chofala ndi kutenga square root ya 36 payokha ndi ya 64 payokha, n'kupeza 14. Apo musakalipe, ingouzani mwanayo ayeze ndi rula. 14 ndi ulendo wodzera pangodya, 10 ndi wodula. Palinso otembenuza gradient, kuika x pamwamba. Auzeni ayambe ayang'ana mzerewo: ngati ukukwera kwambiri kuposa mmene ukuyendera m'mbali, gradient iyenera kuposa 1, ndiye 3/4 singakhale yoona. Mzere wogona gradient yake ndi 0, woima chilili ulibe gradient chifukwa sitingagawe ndi 0. Ziwirizi ana amazisinthanitsa chaka ndi chaka.

Equation ya mzere musataye nayo nthawi yaitali. Ikani pointi (x, y) paliponse pa mzere AB, jambulani triangle kuchoka pa A, gradient ikadali 4/3. Ndiye y − 2 kugawa ndi x − 1 ndi 4/3, zomwe zikutipatsa 3y = 4x + 2. Azolowere kuyesa yankho ndi pointi inayo: pa B, 30 mbali iyi, 28 kuphatikiza 2 mbali inayo. Zatheka.

Za mizere ya perpendicular, dulani triangle pa katoni, pansi 3, chokwera 4, muimate pa bolodi. Izungulitseni madigiri 90 ana akuona. Mbali yomwe inali yoima yagona, yomwe inali yogona yaima, ndipo mzere womwe umakwera tsopano ukutsika. Gradient yachoka pa 4/3 yafika pa −3/4. Achulukitse okha aone −1. Mphindi zisanu zimenezi zimaposa kulemba m₁m₂ = −1 kakhumi.

Tsopano circle, ndipo apa tulukani panja. Kusowa kwa makampasi sikuletsa kanthu. Mufunika chingwe cha mamita 12 ndi china cha mamita 5, zikhomo zingapo, tepi yoyezera, ndi phulusa la mu ndowa imodzi. Malo a mamita 12 mbali zonse akwana, pabwalo la mpira kapena la netibo. Kuti ma axis akumane pa madigiri 90 enieni, mangani mfundo pa chingwe chachitali pa mamita 3 ndi pa mamita 7, lumikizani nsonga ziwiri, ana atatu akoke mpaka chiwongoke. Mbali zake zikhala 3, 4 ndi 5, monga amachitira amisiri poyala maziko a nyumba. Thirani phulusa m'ma axis, ikani chizindikiro pa mita iliyonse. Ngati kuli mphepo, wazani timadzi pansi kaye, apo ayi phulusa lithawa musanayambe. Ntchito yokonza bwaloyi ichitike dzulo lake ndi ana ochepa, chifukwa piriyodi imodzi singakwane zonse.

Khomani chikhomo pa (0, 0), mangani chingwe cha mamita 5, mwana mmodzi azungulire akulemba pansi ndi kamtengo. Kenako tumizani ana 12 akaime pomwe circle yadutsa pa manambala athunthu: (5, 0), (4, 3), (3, 4), (0, 5), (−3, 4) mpaka kuzungulira. Aliyense atchule x ndi y wake, otsalawo achite sikweya manambalawo n'kuphatikiza. Nthawi zonse 25. Wina akaime pa (4, 4), apeza 32, ali kunja. Wina pa (2, 3), apeza 13, ali mkati. Pamenepo x² + y² = 25 yasanduka chinthu chomveka: ndi chiyeso chimene pointi iyenera kukhoza kuti ikhale pa circle. Radius ya 5 ndi yabwino chifukwa cha mapointi 12 amenewa. Mukasankha 6 kapena 7 mupeza anayi okha, onse pa ma axis.

Musanabwerere m'kalasi, kokani chingwe kuchoka kwa amene ali pa (3, 4) kufika kwa amene ali pa (−4, −3). Umenewo ndi mzere y = x + 1. M'kalasi aike x + 1 m'malo mwa y, apeza x² + x − 12 = 0, choncho x ndi 3 kapena −4. Algebra yatulutsa anzawo awiri aja. Apa m'pamene mungawauze kuti mayankho awiri ndi mzere wodula circle pawiri, yankho limodzi ndi tangent, popanda yankho ndiye mzere wadutsa patali. Kulumikiza algebra ndi zojambula kotereku ndi kumene René Descartes anasindikiza mu 1637, ndipo dzina loti Cartesian plane linachokera kwa iye.

Bwererani kwa A ndi B. AB ikhale diameter, pakati ndi (4, 6), radius 5. Kutalika kuchoka pa (4, 6) kufika pa (x, y) ndi distance yomwe ija, ndiye (x − 4)² + (y − 6)² = 25. Minus imene ili m'mabulaketi ndi ya kuchotsera kwa distance, n'chifukwa chake pakati ndi (4, 6) osati (−4, −6). Mwana amene anangoloweza amagwa pomwepa, ndipo amatinso radius ndi 25. Atambasule okha apeze x² + y² − 8x − 12y + 27 = 0, kenako abwerere mmbuyo ndi completing the square. Theka la −8 ndi −4, sikweya yake 16, theka la −12 ndi −6, sikweya yake 36. Cholakwa chake ndi kuika 16 ndi 36 mbali imodzi yokha. Popeza yankho akulidziwa kale, amadzigwira okha. Mukawapatsa equation yoyamba ndi 2x² + 2y², agawe zonse ndi 2 asanachite china chilichonse.

Tangent pa B ndi katoni ija: radius ili ndi gradient 4/3, tangent −3/4, ndipo y − 10 = −3/4(x − 7) ikupereka 3x + 4y = 61.

Pa za mapepala, buku wamba la masamu la timabokosi likwanira, magulu a ana anayi kapena asanu. Chofunika n'choti sikelo ya x ndi ya y ifanane. Zikasiyana, circle imaoneka yophwatalala ndipo mizere ya perpendicular siioneka choncho, mwana n'kuyamba kukayikira yankho lolondola. Pa bolodi, jambulani timabokosi ndi choko chonyowa pakona imodzi, sichifufutika msanga. Ngati muli ndi foni ya intaneti, pulogalamu ya masamu ya GeoGebra ndi yaulere ndipo ingakuthandizeni kuyesa mayankho anu pokonzekera, koma foni imodzi pa ana 70 si yophunzitsira.

Pochonga, perekani malikisi a chojambula ndi a njira, osati a yankho lokha, ndipo auzeni ana kuti ngakhale pa MSCE njira yolembedwa bwino imapulumutsa malikisi pamene nambala yomaliza yalakwika. Za circle zikafuna kukudyerani nthawi, yang'anani kaye mu silabasi ya MIE (Malawi Institute of Education) ndi m'mapepala akale a MANEB kuti muone kuya kwake pa kalasi yanuyo, makamaka ngati simukuphunzitsa Additional Mathematics. Nthawi ikachepa, dulani completing the square, koma phunziro la panja lija lichitike.