Musanalipire makina a maginito aja, mvetserani zimene zinaonekera mwana wanga

Achemwali, ndalama zimene akukuuzani kuti mulipiretu zija za TMS, chithandizo chotumiza mphamvu ya maginito mu ubongo, pa matenda a Tourette a mwana wanu, muyambe mwazigwira kaye, chifukwa ine ndinadutsa njira yomweyo ndi mwana wanga wamwamuna kuno ku Johannesburg, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Iye anayamba kuphethiraphethira ali ndi zaka 7, kenako kugwedeza khosi ndi kutulutsa kamawu kapakhosi, ndipo pamene amakwanitsa zaka 11 madokotala anali atanena kale kuti ndi matenda a Tourette. Mankhwala a haloperidol amene ankamwa ankamugonetsa m'kalasi, choncho chipatala china cholipira chitatilonjeza kuti maginito athetsa zonse m'masabata 4, tinatenga ndalama zimene tinkasungira nyumba ya kumudzi n'kupereka.

Pamutu pake anaikapo chipangizo chooneka ngati nambala 8, n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu cha dzanja lake chinagwedezeka chokha, ndipo anati umo ndi mmene amadziwira muyezo wa munthu aliyense. Atatero anachisunthira pambali ya ubongo yotchedwa supplementary motor area, imene imakonzekeretsa thupi lisanayende, ndipo chinkagunda kamodzi pa sekondi ndi phokoso longa la chogomphola mtengo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndi limene sindidzaliiwala. Mwanayo anali atadzuka ndi mutu wopweteka, khosi likugwedezeka kuposa masiku onse, ndipo nthawi iliyonse likagwedezeka chipangizo chija chinkachoka pamalo pake. Bambo amene ankayendetsa makinawo anayamba kuusa moyo, kenako kumugwira chibwano, ndipo pomaliza anamukalipira pamaso panga kuti ngati safuna kukhala bata asamatitayitse nthawi, popeza mankhwalawo sakugwira chifukwa cha iyeyo. Tangoganizani, mwana amene tinabwera naye chifukwa chakuti khosi lake silimumvera, akumulamula kuti aliletse! Anayesetsa kudziumitsa, manja atagwira mpando, misozi ikutsika, mpaka titatuluka zonse zimene anazitsekereza zinabwera pamodzi ali m'galimoto, khosi likumenya pampando kwa mphindi zambiri. Atapuma anandifunsa kuti, "Amayi, kodi ndawononga ndalama zanu?" Ndinalephera kuyankha. Nditakadandaula kwa mwini chipatalacho, anangonditambasulira pepala limene ndinasayina, n'kundiuza kuti ndalama sizibwezedwa.

Chimene anandibisira, ndipo ndinachimva mochedwa kwa dokotala wa matenda a ubongo, ndi chakuti bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza TMS pa matenda a kukhumudwa mu 2008 ndiponso pa OCD, matenda oganiza ndi kuchita zinthu mobwerezabwereza osatha kudziletsa, mu 2018, koma osati pa Tourette. Kafukufuku amene anatuluka mu 2015, wa anthu akuluakulu 20, anayerekeza makina enieni ndi ena ongonamizira, ndipo sanapeze kusiyana kodalirika. Pamene njira ya CBIT, imene imaphunzitsa mwana kuzindikira kunyerenyetsa kumene kumabwera thupi lisanagwedezeke ndi kuchita kanthu kena kotsutsana nako, inayesedwa pa ana 126 mu 2010, ndipo pafupifupi theka la amene anailandira linapeza bwino kwambiri. Njira imeneyi ndi imene inathandiza wanga kuti azikhala m'kalasi osatuluka, ndipo palibe amene anaitchula kuchipatala chija.

Komabe sindikubisirani, patapita mwezi titamaliza maulendo 20 aja, kugwedezeka kwa khosi kunachepa ndithu. Bambo ake amanenetsa kuti ndi maginito, ine ndimati matendawa amakwera ndi kutsika okha, ndipo kawirikawiri amafika poipitsitsa pa zaka 10 mpaka 12 n'kumachepa mwana akamakula. Choncho ngati mwayesa CBIT ndi mankhwala monga clonidine kapena aripiprazole osaona kusintha, ndipo dokotala wa ubongo amene sapindulapo ndalama wavomereza, yesani, sindingakuletseni. Muwauziretu ngati mwana anagwapo khunyu kapena ali ndi chitsulo chilichonse m'mutu kapena chipangizo chomvera chimene anamuika m'kati mwa khutu, chifukwa pamenepo pali ngozi yeniyeni. Muumirire kuti amuveke zotsekera makutu, mulipire ulendo uliwonse paokha osati onse pakamodzi, ndipo inuyo mukhale m'chipindamo nthawi yonse, pafupi ndi mpando wake.