Timatabwa ta m'mbali mwa masipika akale tikukana kuchoka

FUNSO: Akulu, ndili ndi masipika awiri akalekale a kampani ya Wharfedale, mawu akadali bwinobwino koma mabokosi atuwa, vanishi yakanganuka. Ndikufuna ndipale ndipakenso, koma timatabwa tozungulira nsalu yakutsogolo ija tikukana kuchoka, ndikalowetsa sikuludiraiva tikungolira ngati tithyoka. Ndingomenya ndi hamala?

YANKHO: Hamala ayi chonde, ndipo sikuludiraivayo muibweze komwe munaitenga. Mabokosi ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 ndi a chipibodi (thabwa la tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu) kapena pulaiwudi, pamwamba anangomata kakhungu ka thabwa lokongola kamene nthawi zambiri sikafika ndi milimita imodzi yomwe, ndiye mukapana ndi chitsulo chonenepa kamanyotsoka ndipo kubwezeretsa kwake nkovuta kuposa ntchito yonse mukufunayi.

Yambani mwadziwa chomwe chagwira timatabwato. Masulani masipika enieniwo m'mabokosimo muwaike pambali, mawaya muwalembe kuti uyu wa pulasi uyu wa mainasi, komanso samalani maginito amakoka sikuludiraiva nkuboola pepala la sipika lomwe limatulutsa mawu. Kenako unikani mkati ndi tochi. Ena anamanga ndi masikuluwu kuchokera mkati, mwakuti kunja mungalimbane nato mpaka kuthyola pomwe nkhani yake inali yongomasula basi. Mukapezamo zonga thonje zachikasu valani magolovesi, zimayabwa koopsa.

Ngati mulibe masikuluwu ndiye kuti ndi guluu ndi timisomali topanda mitu. Dutsitsani kampeni kakuthwa pamzere pomwe kathabwa kakumana ndi bokosi kuti vanishi iduke, apo ayi idzakoka khungu lija. Ndiye tenthetsani ndi draya ya tsitsi pang'onopang'ono, guluu wakale uja wa zikopa ngakhalenso woyera wa akalipentala amafewa akamva kutentha. Lowetsani chitsulo chopyapyala chopakira pate (phala lomatira ming'alu), pansi pake muike kakatoni kuti chisadinde bokosi, muzisuntha pang'ono pang'ono kutalika konse osati kukanirira malo amodzi. Guluu akauma mutu donthezani viniga wofunda ndi sirinji, madontho chabe, chipibodi ikamwa madzi imafufuma ndipo sibwereranso.

Kathabwa kakachoka musamenye misomali kuti ibwerere komwe inalowera, imang'amba nkhope. Ikokereni kuseri kwa kathabwako ndi pulayazi. Kalikonse kalembeni nambala kuseri ndi pensulo chifukwa m'makona timadulidwa mopendeka ndipo ka bokosi ili sikakhala bwino pa linzake.

Koma kunena zoona ine ndikanayamba ndafunsa ngati nkofunikadi kutichotsa. Ngati sitinasweke komanso nsalu ikutuluka payokha, matani tepi m'mbali mupale ndi manja ndi sandipepa yosalala motsata mizere ya thabwa, mashini ayi amadya khungu lija kamodzinkamodzi. Ndipo pa masipika ena chooneka ngati kathabwa kokongoletsa chimakhala mbali ya bokosi lenilenilo, mukachizula bokosi limayamba kutulutsa mpweya ndipo besi imathawa, makamaka ngati ndi mtundu wotsekeka wopanda bowo kutsogolo kapena kumbuyo.